Swill: makombo a nkhumba ndi mbiri yake

Liwu lachingerezi lakuti swill anthu amalitchula atakwinya mphuno, koma ine limandigwira mtima. Tanthauzo lodziwika kwambiri ndi makombo a m'khitchini osakaniza ndi madzi, opatsa nkhumba: makoko a mbatata, zidutswa za buledi, msuzi wotsalira m'mapoto a m'mahotela. M'Chingerezi chakale liwuli linkatanthauza kutsuka, ndipo mpaka lero ku Britain amaligwiritsa ntchito ponena za kutsukuluza ndowa kapena kuchukucha m'kamwa. Madzi otsukira mbale aja, ndi tizinyenyeswa toyandama pamwamba, ndiwo ankathera kukhola.

Kuchoka pamenepo liwuli linasanduka mwano. Mowa wosakoma amati ndi swill, khofi wamadzimadzi chimodzimodzi. Munthu wogugudiza mowa mwadyera amamunenanso ndi liwu lomweli. Ku New Zealand, kuyambira 1917 mpaka 1967, malamulo ankati malo omwera mowa azitsekedwa 6 koloko madzulo. Amuna akaweruka kuntchito 5 koloko ankathamangira kubala, n'kumameza matambula motsatizana ola lisanathe. Ola limenelo ankalitcha six o'clock swill, ndipo m'madera ambiri a Australia zinalinso choncho.

Nkhani imene imandiwawa ndi ya ku New York m'zaka za m'ma 1850. Eni mafakitale otcheza kachasu anamanga makola a ng'ombe pafupi ndi mafakitalewo, ku Manhattan ndi ku Brooklyn, n'kumadyetsa ng'ombezo masese otentha. Ng'ombe zinkadwala, mano kuwola, zina michira kuthothoka, koma ankazikamabe. Mkaka unkatuluka wopyapyala, wobiriwira pang'ono, ndiye ankathiramo ufa, mazira, ngakhale pulasitala kuti uoneke woyera ndi wokhuthala. Umenewu ndiwo swill milk, ndipo ankaugulitsa kwa amayi osauka ngati mkaka weniweni wa kufamu. Nyuzipepala ya New York Times inayerekeza kuti makanda pafupifupi 8,000 anafa nawo m'chaka chimodzi. Frank Leslie anaulula zonsezi m'nyuzipepala yake ya zithunzi mu 1858, koma lamulo loletsa linadzabwera mu 1862. Zaka zinayi, ana akumwabe.

Komatu makombo paokha sanali choipa. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, m'misewu ya ku Britain munkaikidwa migolo yotayamo zakudya zotsala. Zinkatengedwa, kuwiritsidwa, n'kupita kwa alimi a nkhumba, ndipo anthu oyandikana nyumba ankasonkherana kuweta nkhumba imodzi n'kudzagawana nyama. Khoko la mbatata nthawi imeneyo linali ndi ulemu wake.

Zinthu zinatembenuka mu February 2001, pamene matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi anabuka ku Britain. Ofufuza analondola mpaka anafika pa famu ya nkhumba ku Heddon-on-the-Wall, ku Northumberland, kumene nkhumba zinkadya makombo osawiritsa. Lamulo linalipo kale lakuti makombo aziwiritsidwa kwa ola lathunthu, chifukwa kachilombo kamatha kukhalabe ndi moyo m'zidutswa za nyama. Ziweto zoposa 6 miliyoni zinaphedwa, mitembo ya nkhosa ndi ng'ombe n'kumawotchedwa milumilu m'minda. Chaka chomwecho boma linaletseratu kudyetsa nkhumba makombo a m'khitchini, ndipo mu 2002 European Union inakhazikitsa lamulo lofananalo.

Mantha a alimi amene anaona ziweto zawo zikupsa ndimawamvetsa ndi mtima wonse. Koma chiletsochi sindigwirizana nacho. Vuto linali kusawiritsa, osati makombowo. Lero nkhumba za ku Europe zimadya tirigu ndi soya, ndipo soya wambiri amachokera ku South America, kumene nkhalango zikugwetsedwa kuti apeze minda, pamene chakudya cha m'mahotela chikukawotchedwa kapena kukawola. Japan ndi South Korea anasankha njira ina: makombo amatoleredwa, amatenthedwa m'mafakitale ovomerezeka ndi boma kuti tizilombo tife, kenako n'kukhala chakudya cha ziweto. Ku Japan sanafune n'komwe kugwiritsa ntchito dzina lonyansa lija, amachitcha ecofeed, ndipo nyama ya nkhumba zoleredwa motero imagulitsidwa m'masitolo poyera.