Chitsa si Mtengo Wakufa

Pomwe ndinkabwera ku koleji ya Bunda kudzaphunzira za nkhalango ndi zachilengedwe, m'mutu mwanga munali chinthu chimodzi basi: kudzala mitengo. Kupulayimale tinkachita zimenezo chaka ndi chaka. Mvula ikagwa, aphunzitsi ankatigawira mbande za bulugamu m'machubu, ife n'kukumba timayenje kuseri kwa bwalo la mpira, kudzala, kenako kuomba m'manja. Pofika Okutobala mbuzi ndi chiswe zinkakhala zitagawana. Chaka chinacho tinkadzalanso pomwepo, osapezeka wofunsa kuti ya chaka chatha ija ili kuti.

Maganizo amenewa anagwedezeka tsiku lomwe tinapita m'mphepete mwa nkhalango ya Dzalanyama kukaphunzira kawerengedwe ka mitengo. Ntchito yake njosavuta kuinena: mumakhoma zikhomo kuzungulira kachigawo, mtengo uliwonse mumauyeza kunenepa kwake pa msinkhu wa mamita 1.3 kuchokera pansi, n'kulemba dzina lake. Gulu lathu linagwera pamalo pomwe anthu anali atadulapo kale, uvuni wakale wa makala ukuonekera phulusa. Ine, amene ndinagwira fomu, ndinalemba mwachangu kuti palibe mitengo.

Aphunzitsi athu anayang'ana pepalalo, n'kundiyang'ana.

"Achimwene, mwawerenga ndi maso kapena ndi mtima wofuna kubwerera kubasi? Tagwadani pansi."

Ndinagwada, manyazi ali tho. Chitsa chomwe ndinapondapo chinali ndi mphukira zisanu ndi imodzi, zina zofika m'chiuno. Chapambali pake chimodzimodzi. Titayamba kuwerenga mwachifatse, fomu ija inadzaza: mombo, tsamba, msuku, muwanga, ngakhale kamlombwa kamodzi kobisala m'udzu.

Mitengo ya m'nkhalango za miombo imasunga chuma chake pansi. Kamtengo kakamera kuchokera ku njere, kamatha zaka zingapo kakuoneka ngati kakufa nthawi ya chilimwe, pomwe muzu ukulowerabe pansi. Ndiye munthu akadula mtengo waukulu, wachotsa thunthu lokha. Mizu ya zaka makumimakumi ija ikadali moyo, ndipo imakankha mphukira ndi mphamvu yomwe mbande ya m'chubu, ya kamuzu kotalika ngati chala, singakhale nayo. Chomwe chimapha mphukirazi si chilala ayi. Ndi moto wa mu Seputembala ndi Okutobala, udzu utauma gwa, uja amayatsa osaka mbewa, ndi mbuzi, ndi chikwanje chobwerera pomwepo chaka chilichonse. N'chifukwa chake akatswiri amati kuli bwino kutentha msanga, udzu usanaumitse, moto udutse wofooka. Pachitsa napo upatulire, usiye mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka.

Chomwe chinandikoma kwambiri ndi nkhani ya bowa. Bowa wambiri amene amayi amagulitsa m'mbali mwa msewu nthawi ya dzinja, monga manyame, amakhala mogwirizana ndi mizu ya mitengo ya miombo: iye amathandiza mtengo kuyamwa chakudya m'nthaka, mtengo n'kumamupatsa shuga. Ukazula chitsa, wazula ndi ndiwo zomwe.

Nditabwerera kwathu ku Dowa patchuthi, maso anga anali ena. Mudzi wonse uli mbee, minda yokhayokha, koma kumanda kuli bii, mitengo yachilengedwe italiitali. Ndani anaidzala? Palibe. Anthu anangoisiya, chifukwa kumeneko sikulowedwa wamba, ndipo mawu a mfumu ndi a kudambwe amaopedwa kuposa lamulo la nkhalango la 1997 lomwe ife tikuliloweza ndime ndi ndime. Ndakhala ndikudutsa pamenepo kuyambira ndili mwana, osazindikira kuti ndikudutsa pa phunziro.

Sindikunena kuti nazale n'zachabe. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, suphukira ukadulidwa, ndipo kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonselo. Pamenepo popanda mbande palibe chako. Koma nyengo yodzala mitengo ikatsegulidwa mu Disembala, timamva za mitengo yomwe idzalidwe. Ine tsopano ndimafuna kumva yomwe yapulumuka pofika Okutobala.

Pali china chomwe chimandisowetsa mtendere, ndipo ndichinene poyera. Dzalanyama ndiye gwero la mtsinje wa Lilongwe, womwe umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, komwe kumachokera madzi a mumzinda. Ndi komwenso kuli Kaphirintiwa, malo omwe Achewa amati anthu oyamba anatsikira. Nkhalangoyi inafika podulidwa mpaka boma kutumizako asilikali. M'kalasi timazilemba bwino zimenezi, timapeza ndi mamalikisi omwe. Koma madzulo magetsi akathima, nyemba zanga zimapsa pa mbaula. Thumba la makala limene ndimagula lija, wina walikankha pa njinga usiku wonse, matumba atatu kapena anayi, thukuta kamukamu, kuti apeze ya feteleza ndi fizi ya mwana. Pokambirana m'kalasi ena amamutcha mdani wa chilengedwe. Ine pakamwa pamandilemera, popeza ndalama yomwe imamutumiza kunkhalango imachoka m'thumba mwanga.

Tsiku lina tikusosa m'munda wa kudambo, ndinapempha bambo kuti tisazule zitsa za m'malire.

"Ndiye kuyunivesiteko akukuphunzitsani ulesi?" anatero, khasu lili m'mwamba.

Agogo aakazi, amene anakhala pamthunzi akusenda mtedza, anaseka mpaka kutsokomola. Anatikumbutsa kuti msangu waukulu uli pakati pa mundawo anaukaniza ndi iwo kudula, kalekale ine ndisanabadwe, chifukwa umayoyola masamba nthawi ya mvula ndipo chimanga cha pansi pake sichinawakhumudwitsepo. Dzina lake la m'buku, Faidherbia albida, ndinali nditangolilemba pamayeso sabata ziwiri zapitazo, ndipo ndinalakwitsa kalembedwe.

Bambo anasiya zitsa zinayi. Chachisanu anati chikutchinga mzere, anachizula.