Musanagule graphics card ya kompyuta yakale

Abale ndi alongo kuno ku Dedza amene muli ndi makompyuta akale a Dell OptiPlex kapena HP, musanakwere minibasi kupita ku Lilongwe kukagula graphics card (khadi yothandiza kompyuta kuonetsa zithunzi pa sikirini), yambani mwatsegula bokosi la kompyutayo n'kuwerenga mawati amene alembedwa pa power supply (kabokosi kamene kamagawa magetsi m'kati mwa kompyuta). Makompyuta ambiri amene anapangidwira ntchito za mu ofesi ali ndi mphamvu yochepa ndipo alibe chingwe chapadera chopatsira khadi magetsi, choncho muyenera kusankha khadi yodalira magetsi a pa PCIe (polowetsa khadiyo m'kati mwa kompyuta) okha, amene sapitirira mawati 75.

Ineyo ndimakonda GTX 1050 Ti, imene inatuluka mu 2016 ndipo ili ndi memory ya 4GB, koma ngati bokosi lanu ndi lopyapyala funani ya low profile (yaifupi, yokwana m'bokosi lotere), apo ayi chivundikiro sichidzatsekeka. Amene m'thumba mwawo simuli bwino angathe kugula GT 1030, imene sipitirira mawati 30. Komabe chenjerani, pakuti ilipo ya memory ya mtundu wa GDDR5 komanso ya DDR4, ndipo yachiwiriyi imachedwa kwambiri ngakhale dzina lake ndi lomwelo. Khadi ikakhala yogwiritsidwa kale ntchito, muuzeni wogulitsayo ailumikize inu mukuona, mumvetsere ngati fani ikuzungulira popanda phokoso.