Zomwe ndatolapo pa mkangano wa ofesi ya Federal Reserve ku Havana

Pophunzira za mabanki aakulu timathera nthawi yambiri pa chiwongoladzanja ndi kukwera mitengo kwa zinthu, n'kuiwala kuti ndalama ndi pepala lomwe limang'ambika, limada, ndipo limafunika wolinyamula. Nkhani ya Cuba m'zaka za m'ma 1920 imakumbutsa zimenezi bwino lomwe.

Nthawi imeneyo Cuba inalibe banki yaikulu. Lamulo la mu 1914 linakhazikitsa peso, koma ya chitsulo yokha, ndipo linaloleza dola ya America kugwira ntchito limodzi nayo. Choncho ndalama zapepala zomwe odula nzimbe ndi amalonda ankagwira zinali madola. Mu 1920 mtengo wa shuga unafika masenti opitirira 22 pa paundi m'mwezi wa Meyi, koma pofika Disembala unali pansi pa masenti 4. Mabanki a eni dziko anagwa, malonda n'kutsalira m'manja mwa mabanki akunja monga National City Bank ndi Royal Bank of Canada.

Federal Reserve, yomwe ndi banki yaikulu ya America, ili ndi mabanki 12, ndipo nthawi imeneyo iliyonse inkatulutsa madola okhala ndi chidindo chake. Ambiri mwa madola oyenda ku Cuba anali a banki ya Atlanta, chifukwa ndiyo yoyandikira. Mu 1923 banki ya Boston inapempha kutsegula ofesi ku Havana, likulu la Cuba. Mtsogoleri wake, W. P. G. Harding, anali atangolangizako boma la Cuba pa zachuma. Atlanta, motsogozedwa ndi M. B. Wellborn, inati munda umenewo ndi wake. Benjamin Strong, mtsogoleri wa banki ya New York, sanagwirizane ndi ganizo lonselo.

Apa ndi pofunika kumvetsa chomwe ankalimbirana. Dola yapepala ndi ngongole ya banki yoitulutsa, koma ngongole yopanda chiwongoladzanja. Lamulo linkafuna golide wokwana 40 pa 100 aliyense kumbuyo kwa mapepalawo, ndipo mbali yotsalayo inkatha kuimiridwa ndi zikalata za ngongole zomwe zimabweretsa phindu. Pepala lozungulira ku Cuba limachedwa kubwerera kwa mwini wake. Wotulutsa amadyerera nthawi yonseyo.

Otsutsa nawo anali ndi mfundo zomveka. Ndime 14 ya lamulo la Federal Reserve imalola maofesi a kunja, koma ikunena zogula ndi kugulitsa zikalata za malonda. Kodi kugawa ndalama m'dziko la eni kukulowamo? Nanga anthu akathamangira kukatapa ndalama, ofesiyo siidzasanduka banki yaikulu ya Cuba, yosenza udindo pa mabanki omwe ilibe mphamvu yowayendera? Kwa ine funso lachiwirili ndilo lolemera, ndipo silinayankhidwe mokwanira.

Bodi yoyang'anira Federal Reserve ku Washington inagawa ntchito pakati. Maofesi onse awiri anatsegulidwa mu Seputembala 1923. Boston inkasamutsa ndalama pa telegalamu, Atlanta inkapereka mapepalawo. Banki ya ku Havana ikafuna madola, inkalipira kaye ku America, telegalamu n'kutumizidwa, ofesi n'kupereka mapepala m'manja pamalipiro ochepa. Ikakhala ndi madola ochuluka inkachita mobwerera. Mapepala othaitha ankasonkhanitsidwa n'kusinthidwa ndi atsopano. (Abale athu a ku Zimbabwe omwe anagwira madola akuda, ofewa ngati sanza, kuyambira 2009 akudziwa zomwe zimachitika pakasowa wogwira ntchito yomalizayi.)

Chofooka chinaonekera mu Epulo 1926. Mphekesera zinafala, anthu n'kukhamukira ku mabanki, makamaka Royal Bank of Canada. Telegalamu imayenda m'mphindi zochepa, koma pepala limayenda pa njanji. Ndalama za m'chipinda chosungiramo ku Havana zinatha msanga. Atlanta inalongedza madola oposa 20 miliyoni m'sitima yapadera kupita ku doko la Key West ku Florida, kumeneko anawakweza m'sitima yankhondo ya Cuba kuoloka nyanja makilomita pafupifupi 170. Mwayi unali wakuti Lamlungu linali pakati. Ndalama zinafika mabanki asanatsegule Lolemba, ndipo anthu ataona kuti aliyense akulandira zake, mtima unakhala pansi.

Cholakwika sichinali kusowa chuma, pakuti mabankiwo anali nazo ndalama ku New York. Vuto linali mulu wa mapepala osungidwa pamalopo, womwe unayezedwa ndi zofuna za tsiku wamba osati za tsiku la mantha. Komanso ntchito imodzi inali ndi eni awiri: wolonjeza pa telegalamu ndi wina, wosunga kiyi ndi wina.

Boston inachoka kumayambiriro a 1927, Atlanta n'kutenga zonse. Mu 1934 Cuba inayamba kutulutsa mapepala akeake oimira siliva, kufunika kwa ofesiyo n'kuchepa, ndipo inatsekedwa mu 1938. Banco Nacional de Cuba, banki yaikulu ya dzikolo, inayamba ntchito mu 1950.