Tinagulitsa kamera n'kugula mamaiki

Ine ndi mlamu wanga tinayamba monga anayambira anzathu ambiri mu Blantyre muno, kujambula maukwati ndi zinkhoswe. Loweruka lililonse tinkakhala pa holo, kamera paphewa, kulondola perekaniperekani mpaka dzuwa kulowa. Ndalama inkapezeka ndithu, koma ojambula anachuluka. Munthu akagula kamera Lachisanu, Loweruka anali kale katswiri, ndipo mitengo inkangotsika.

Chinatitembenuza mtima ndi ulendo wa ku Zanzibar. Kumeneko kumachitika chikondwerero cha mafilimu cha ZIFF, chomwe chinayamba kuonetsa mafilimu mu 1998. Ife tinachidziwa chifukwa cha a Shemu Joyah, omwe filimu yawo ya mu 2008, Seasons of a Life, inakaonetsedwa kumeneko n'kubwerako ndi ulemu. Sitinatenge filimu iliyonse, tinapita kukaonera basi. Tinadzera ku Karonga, kuwoloka pa Songwe, kugona ku Mbeya, kenako basi ya tsiku lathunthu mpaka ku Dar es Salaam, n'kumalizira pa sitima yapamadzi.

Usiku mafilimu amaonetsedwa panja, m'kati mwa linga lakale lamiyala lotchedwa Ngome Kongwe, ku Stone Town. Ambiri anali a achinyamata a ku Tanzania, Kenya ndi Uganda, opangidwa ndi ndalama za m'thumba, nkhani zake za m'makwalala a kwawo komweko. Zithunzi sizinatiopseze, zoterozo tikanajambula nafenso. Chimene chinkalekanitsa filimu ndi inzake anali mawu. Pa foni kapena pa TV ya pabalaza zolakwika zambiri zimabisala, koma pa masipika akuluakulu chilichonse chimaonekera poyera: mphepo kuwomba pa maiki, wosewera mmodzi kumveka pafupi mnzake ngati ali kutsidya kwa mtsinje, nyimbo kumiza zokambirana. Filimu yotero ikafika pakati, anthu ankayamba kucheza, ena n'kutuluka kukagula nsomba zowotcha ku Forodhani, pamaso pa lingalo. Filimu ya zithunzi zachikatikati koma yomveka bwino, anthu ankaionera mpaka mayina a kumapeto.

Titabwerera tinagulitsa kamera imodzi n'kuitanitsa katundu ku Johannesburg: rekoda, maiki yapandodo ndi chovala chake chaubweya chotchinga mphepo, timamaiki tobisa m'malaya, ndi mahedifoni abwino. Anzathu anatiseka kuti tasiya ntchito yooneka n'kusankha yonyamula ndodo. Akazi anga sanaseke, anangofunsa kuti lendi ichokera kuti.

Lero ntchito yathu ndi imeneyo. Wopanga filimu amabwera ndi kamera yake, ife timabwera ndi zomvera, ndipo katundu sitibwereketsa popanda mmodzi wa ife kupita naye. Mlamu ndiye amagwira ndodo, ine ndimakhala pa rekoda, kenako pa kompyuta kuyeretsa ndi kusakaniza.

Kujambula mawu m'tauni ya Malawi ndi nkhondo. Tambala salabadira kuti mwayamba. Ku Ndirande ukathawa chigayo umakumana ndi kondakitala woitanira minibasi, ukathawa kondakitala umakumana ndi tchalitchi choyesa masipika Lachinayi masana. Magetsi akathima jenereta imalira, ndiye timayenda ndi chingwe chachitali kuti tiziikankhira kuseri kwa nyumba ya aneba. Nyengo yamvula denga lamalata limatilanda tsiku lonse. Nthawi zina timangopita kwa mwini chigayo n'kumupempha kuti atiimikire kwa kanthawi, timulipire ndalama ya matini amene akanagaya. Ambiri amavomera, ena amabweranso kudzaonerera. N'chifukwa chake timaumirira kukaona malo tisanagwirizane mtengo. Wotsogolera filimu amasankha malo ndi maso, sadziwa kuti kuseri kwa mpanda wokongolawo kuli owotcherera zitsulo.

Amene akufuna kutumiza filimu ku chikondwerero timawauziratu zingapo. Zokambirana zisungidwe pazokha, nyimbo pazokha, kuti wina akafuna kusintha asayambirenso. Nyimbo ya woimba wina musaiikemo chifukwa choti mumaikonda, kambiranani naye kapena mufunse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso, chifukwa okonza zikondwerero amafuna kudziwa ngati muli ndi chilolezo. Ena amanyinyirika kuti tikuwachulutsira zolipira. Ndimawakumbutsa kuti filimu ina ya a Joyah, The Last Fishing Boat, inapata mphoto ya nyimbo za mu filimu ku Africa Movie Academy Awards mu 2013, kusonyeza kuti oweruza samangopenya, amamvetseranso. Ndipo pamene filimu yotchedwa Lilongwe ya mayi Joyce Mhango Chavula inapambana pa mpikisano wa mafilimu a mu Africa wa AMVCA mu 2016, The Road to Sunrise ya a Joyah n'kutsatira mu 2018, achinyamata ambiri analimba mtima kuti filimu ya kuno ikhoza kupikisana kunja. Mafoni ofunsa mitengo anayamba kuchuluka nthawi imeneyo.

Kuchuluka kwa mafoni sikutanthauza ndalama, zimenezo ndinene mosabisa. Opanga mafilimu ambiri amalipira filimu ikatha, ndipo mafilimu ena satha. Panopa timalandira theka tisananyamuke pakhomo, ngakhale kwa mnzathu wa kusukulu. Chimene chimatidyetsa mwezi ndi mwezi ndi makwaya ojambulitsa nyimbo, mavidiyo a mabungwe, ndi maukwati omwe aja, poti akwati anazindikira kuti malumbiro awo akhoza kumamveka bwino. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, maiki yomwe tinkasungira ndalama inatithawa, moti takhala tikukonzetsa zakale kwa mnyamata wina wa ku Limbe wodziwa kulumikiza timawaya.

Komabe mafilimu aafupi sitiwakana, ngakhale phindu lake lili lochepa, ndipo ophunzira timawatsitsira mtengo. Pakali pano tikumata masiponji ndi mabulangeti m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, kuti osewera azibwera kudzabwereza mizere imene inawonongeka ndi phokoso. Woyamba kukagwiritsa ntchito akhala mtsikana wina wa ku Zomba, amene filimu yake yonena za amayi ogulitsa makala tinaijambula m'mbali mwa msewu, malole akudutsa.