Nambala ya Chichewa ilibe chilembo choyamba mpaka unene chomwe ukuwerenga

Mtima wakhala pansi tsopano. Funso la m'kalasi linali lalifupi: tengani mawu a manambala kuyambira 1 mpaka 10 m'zinenero zingapo, muwasanje motsatira alifabeti, muonetse nambala yomwe yatsogola ndi yomwe yatsirizira. Kwa ife amene timaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta madzulo kuno ku Johannesburg, limaoneka ngati la mphindi zisanu. Za sorted, lamulo losanjira zinthu m'chinenero cha mapulogalamu cha Python, ndi zoti "10" amabwera patsogolo pa "2" ukasanja ngati mawu, sindizilowa pano.

Chingerezi sichivuta chifukwa mawu ake amaima okha. Eight ndi eight basi, kaya ukuwerenga nkhuku kaya marandi. Mndandanda umatuluka eight, five, four, nine, one, seven, six, ten, three, two, kutanthauza 8, 5, 4, 9, 1, 7, 6, 10, 3, 2. Chiafrikaans nachonso chimayamba ndi 8: agt, drie, een, nege, ses, sewe, tien, twee, vier, vyf. Chisutu cha kuno chimapereka hlano, leshome, nne, nngwe, pedi, robedi, robong, supa, tharo, tshelela, ndiye kuti 5 patsogolo, 6 pambuyo. Mpaka apa munthu umangodziona kuti ndiwe katswiri.

Chozunguza mutu ndi chinenero chathu chomwe. Pa mzere woyamba weniweniwo, pa 1, ulembapo chiyani? Chimodzi, mmodzi, umodzi, imodzi, limodzi kapena kamodzi? Onsewa ndi 1, ndipo aliyense akuyamba ndi chilembo chake. Chomwe chilipo chosasintha ndi tsinde: -modzi, -wiri, -tatu, -nayi, -sanu. Chilembo choyamba chimabwera ndi mgwirizanitsi, ndipo mgwirizanitsi amatsatira gulu la dzina lomwe ukuwerenga. Choncho funso loti "ndi nambala iti ya Chichewa yomwe imatsogola pa alifabeti" silinathe kufunsidwa. Liyenera kupitiriza: nambala ya chiyani?

Tiyese ndi zinthu. Chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu, zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu, zisanu ndi zinayi, khumi. Zikasanjidwa: chimodzi, khumi, zinayi, zisanu, zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi zinayi, zisanu ndi zitatu, zisanu ndi ziwiri, zitatu, ziwiri. M'manambala ndi 1, 10, 4, 5, 6, 9, 8, 7, 3, 2.

Tsopano anthu. Anayi, asanu, asanu ndi anayi, asanu ndi atatu, asanu ndi awiri, asanu ndi mmodzi, atatu, awiri, khumi, mmodzi. Apa ndi 4, 5, 9, 8, 7, 6, 3, 2, 10, 1. Onani 1 uja, amene anali patsogolo penipeni, wapita kumchira. Naye 6 wachoka patsogolo pa 9 n'kukakhala pambuyo pa 7, chifukwa m wa mmodzi amagonja kwa a wa anayi, pamene ch wa chimodzi ankapambana z wa zinayi. Chinenero chimodzi, manambala omwewo, mayankho awiri, ndipo onse ndi olondola.

Chosangalatsa n'chakuti mayankhowa sachuluka ngati mmene magulu a mayina achulukira. Mitengo (umodzi, iwiri), mazira (limodzi, awiri) ndi mauta (umodzi, awiri) zimatsatira ndondomeko ya anthu ija ndendende. Nyumba (imodzi, ziwiri) ndi tiana (kamodzi, tiwiri) zimatsatira ya zinthu. Woweruza ndi khumi, amene sasintha chifukwa ndi dzina, si tsinde lofuna mgwirizanitsi. Ngati mgwirizanitsi wa zambiri ndi a kapena i, manambala a 2 mpaka 9 amakhala pamwamba pa k wa khumi, ndipo 1 amagwera pansi. Ngati ndi ti kapena zi, onse amatsikira pansi pa khumi, 1 n'kukwera pamwamba. Ngakhale kamodzi amatsogola khumi, poti a amabwera h asanabwere. M'kati mwake, 4, 5, 3, 2 sasinthana malo ngakhale utavuta bwanji, chifukwa n, s, t, w ndi momwe alili pa alifabeti.

Pali yankho lachitatu. Ukachotsa agwirizanitsi onse n'kusanja masinde okha, umapeza khumi, modzi, nayi, sanu, kenaka 6, 9, 8, 7, tatu, wiri: 10, 1, 4, 5, 6, 9, 8, 7, 3, 2. Mwina mungati izi n'zopeka za m'kalasi, palibe amalankhula choncho. Koma werengani maulendo: kamodzi, kawiri, katatu, kanayi, kasanu mpaka kakhumi. Popeza onse avala ka-, chilembo chachitatu ndicho chimaweruza, ndipo ndondomeko yake ndi yomweyi ya masinde, kakhumi patsogolo. Ichi ndicho chinatsegula maso anga: kusanja sikuyang'ana nambala, kumayang'ana chomwe walemba, ndipo m'zinenero zathu zino wolemba ayenera kusankha kaye cholemba asanakhudze kompyuta.

Anzathu Achizulu ali m'madzi omwewo. Powerenga amati kunye, kubili, kuthathu, kune, kuhlanu, isithupha, isikhombisa, isishiyagalombili, isishiyagalolunye, ishumi. Ukasanja mmene alembedweramo, onse a i- amaunjikana pamwamba, a ku- pansi: 10, 7, 9, 8, 6, 2, 5, 4, 1, 3. Ukavula zoyambirirazo, umapeza bili, hlanu, khombisa, ne, nye, shiyagalolunye, shiyagalombili, shumi, thathu, thupha, kutanthauza 2, 5, 7, 4, 1, 9, 8, 10, 3, 6. Vutoli si la lero. Mtanthauziramawu wa Chizulu ndi Chingerezi wa C. M. Doke ndi B. W. Vilakazi, wotuluka mu 1948 konkuno ku yunivesite ya Wits, unasankha kusanja mayina potsatira tsinde, n'chifukwa chake mlendo wofuna isithupha amatopa kufunafuna pa i pamene mawuwo ali pa t. (Isithupha ndi chala chachikulu, isikhombisa ndi chala cholozera. Munthu akatha zala zisanu za dzanja limodzi n'kuolokera linalo, amayambira pa chachikulu. Ife tinangoti zisanu ndi chimodzi, n'kupitiriza ulendo.)

Njira yomwe ndaikhulupirira, ndipo ndikuona kuti imaposa zonse, ndi ya kiyi. Osasanja mawu enieniwo. Panga tebulo la madanga atatu: nambala, mawu monga momwe owerenga adzawaonere, ndi kiyi yomwe kompyuta idzayerekeze. Kenaka sanja pa kiyiyo, onetsa danga lachiwiri. Mu Python ndi key= ya sorted, mu Excel ndi danga lothandizira lomwe umadzalibisa. Ntchito yonse ili pophika kiyiyo, ndipo pamenepa mpamene anthu amagwa.

Yamba ndi unicodedata.normalize ya Python pa NFC, yomwe imachititsa kuti chilembo chilichonse chisungidwe m'njira imodzi. Mabuku ena amalemba aŵiri ndi ŵ, ndipo chilembo chimenechi chimatha kulowa m'njira ziwiri: ngati chilembo chimodzi cha nambala 373 mu Unicode (ndondomeko yomwe imapatsa chilembo chilichonse nambala yake m'kompyuta), kapena ngati w wamba wotsatidwa ndi kachipewa kapadera. Pa sikirini zimaoneka zofanana, kwa kompyuta n'zosiyana. Popeza w ndi 119 ndipo z ndi 122, ŵ wa 373 amakagwera kuseri kwa z. Pa kiyi, musandutse w. Kenaka casefold, yosandutsa zilembo zonse kukhala zazing'ono, chifukwa zilembo zazikulu zimachokera pa 65 kufika 90 pamene zazing'ono zimayambira pa 97, ndiye "Zana" wa Z wamkulu amadumpha "chikwi" popanda chifukwa.

Nkhodolero ndiyo mfiti yeniyeni. Ya pa kiyibodi ya kompyuta ndi 39, yotsika kuposa chilembo chilichonse. Yopindika ija, yomwe Word ndi mafoni ambiri amaika okha, ndi 8217, yokwera kuposa zilembo zonse za alifabeti yathu. Wina akalemba m'modzi ndi nkhodolero yowongoka, 1 amabwera patsogolo pa makumi ndi mazana. Akalemba mmodzi, amapita pambuyo pawo. Pa mndandanda wa zinthu, "zisanu n'chimodzi" wa nkhodolero yowongoka amakhalabe pamalo pake, koma wa yopindika amatsetsereka kukakhala pambuyo pa "zisanu ndi ziwiri". Ngati mawu anatoleredwa kwa anthu osiyanasiyana pa WhatsApp, mitundu yonse iwiri ilimo, musakayike. Pa kiyi, n' abwerere kukhala ndi, m'modzi akhale mmodzi. Chisutu cholembedwa m'kalembedwe ka ku Lesotho chili ndi msampha womwewu poyambirira penipeni pa mawu: 'ngoe ndi 'ne m'malo mwa nngwe ndi nne, peli m'malo mwa pedi.

Za mpata wa pakati pa mawu, sankha kamodzi, ulembe chomwe wasankha. Ukauwerengera, eight hundred amatsogola eighteen chifukwa mpata ndi 32. Ukauchotsa, eighteen amatsogola poti e amabwera h asanabwere. Pa 1 mpaka 10 izi sizioneka, zimadzakulumira ukafika m'mazana. Chiafrikaans chimawonjezera chake: 21 ndi een-en-twintig, nambala yaing'ono patsogolo, choncho 21, 31, 41 amakhala pamodzi pa e, kutali ndi twintig.

Kuvula agwirizanitsi ndiye kumafuna dzanja, osati lamulo lodula zilembo ziwiri zoyambirira. Lamulo lotero limadula zi- wa zikwi, amene ndi dzina, n'kusiya kwi. Choopsa kwambiri chili pa makumi. Awiri wa mu makumi awiri akugwirizana ndi makumiwo, osati ndi chinthu chomwe ukuwerenga. Makumi asanu ndi limodzi ndi 60, limodzi wake ndi khumi. Makumi asanu ndi chimodzi ndi zinthu 51. Ukavula mwachisawawa, onse awiri amasanduka "makumi sanu ndi modzi", kiyi imodzi. Python sadandaula. Kusanja kwake kumasiya zofanana mmene zinalowera, ndiye mndandanda umaoneka waukhondo pamene manambala awiri akubisalirana. Mankhwala ake ndi kupanga kiyi ya mbali ziwiri, mawu ophikawo ndi nambala yeniyeni, ndi kuwerenga ngati makiyi osiyana ali ochuluka mofanana ndi mizere. Ndipo ngati ukuwerenga mazira, "makumi asanu ndi limodzi" atha kukhala 60 kapena 51 ngakhale usanavule kanthu. Wogulitsa akati sikisite, si ulesi.

Pa zinenero za ku Ulaya kiyi usamaphike wekha, gwiritsa ntchito zida zokonzedwa kale zodziwa malamulo osanjira a zinenero, monga ICU kapena Intl.Collator ya JavaScript, n'kuziuza chinenero. Chiswidishi ndicho chitsanzo chabwino: ett, fem, fyra, nio, sex, sju, tio, tre, två, åtta. Kwa iwo å si a wovala chipewa, ndi chilembo pachokha chobwera pambuyo pa z, ndiye 8 amatsirizira. Ukasanja mawu omwewo ndi malamulo a Chingerezi, åtta amalumphira patsogolo. Kusanja kwa manambala a Unicode kumalondola pano mwangozi chabe, poti å ndi 229, koma ä ndi 228, pamene alifabeti yawo imati å, ä, ö. Pa Linux yerekezani sort pansi pa LC_ALL=C (kusanja potsatira manambala a zilembo) ndi pansi pa en_ZA.UTF-8 (malamulo a Chingerezi cha ku South Africa) musanakangane ndi mnzanu kuti wolakwa ndani. Nthawi zambiri nonse mwalondola, makina anu ndiwo asiyana.

Chondinyansa n'chakuti m'kalasi masabata amathera pa njira zosanjira za bubble sort ndi quicksort, kujambula timabokosi tosinthana malo pa bolodi, pamene funso loti "a ndi wamng'ono kuposa b" limatanthauza chiyani limangodutsidwa ndi mzere umodzi. Komatu ntchito yonse ili pa mzere umenewo. Zitsanzo za aphunzitsi zonse ndi za Chingerezi, m'kalasi momwe pafupifupi aliyense amalankhula chinenero cha agwirizanitsi, Mzulu, Msutu, Mshona, Mchewa. Ukafunsa za isi- ndi zi-, yankho ndi loti sizibwera pa mayeso. Nthawi nayo palibe. Munthu waweruka ku ntchito 5 koloko, waima pa mzere wa taxi pa Noord, wafika m'kalasi mutu uli gwa, ndiye ndani angakhale pansi kuyesa magulu asanu ndi awiri a mayina mmodzimmodzi? Zikanakhala kuti phunziro loyamba linali la key=, theka la chisokonezochi silikanakhalapo.

Chatsala ndi choti pa danga lolembedwa "Chichewa" tiikepo mndandanda uti. Mtima wanga ukukokera ku kamodzi, kawiri, katatu, chifukwa safuna dzina ndipo amapereka ndondomeko ya masinde popanda kudula kanthu. Koma amenewo ndi maulendo, si kuchuluka kwa zinthu. Ndiye pali manambala omwe timalankhuladi pogula tomato kapena potchula nambala ya foni: eyiti, faifi, fili, folo, naini, seveni, sikisi, teni, thuu, wani. Amenewa amapereka 8, 5, 3, 4, 9, 7, 6, 10, 2, 1, yosiyana ngakhale ndi Chingerezi komwe anachokera, poti 3 wasamukira ku f ndipo 1 wapita ku w. Kiyi itha kusanja uliwonse mwa mindandanda inayiyi bwinobwino, koma siingandiuze kuti wa Chichewa weniweni ndi uti. Mwina ndipereka onse anayi, kapena awiri okha, ndionabe Lolemba lisanafike.