Lachitatu ku galaja: injini ina ya Hilux yathu

Lero kwacha ndi chiperoni, phiri la Mulanje osaoneka n'komwe. Ndinalawirira ku galaja pa Chitakale kukaona Hilux yathu yomwe amakaniko anayamba kuimasula dzulo. Ndi zija zakale za LN106, zokoka ndi mateyala onse anayi, za masipuling'i kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Anatisiyira malemu bambo, ndipo ndi imene imatitengera zinanazi ndi nandolo kumsika.

Ndinapeza injini ili pansi, ataikhazika pateyala lakutha, mapisitoni atawandanda pakatoni. Amakaniko anandigwira chala n'kuchiyendetsa m'kati mwa silinda yachitatu. Muli mzere wokumbika moti chikhadabo chimachita kukodwa. Crankshaft, chitsulo chomwe mapisitoni amazunguza, nayo inapalidwapo kale, palibenso popala.

"Achimwene, iyi yagwira ntchito yake," anatero. "Ovaholo nditha kupanga, koma ndalama zake zikafika pafupi ndi mtengo wa injini ina, ndipo sindingakulonjezeni kuti ikhalitsa."

Mumtima munandiwawa, chifukwa injini ya 3L imeneyi ndakula ndikuimva kulira. Ndi ya dizilo, malita 2.8, yopanda turbo. Liwiro ilibe, pokwera zitunda zochoka ku Luchenza kupita ku Thyolo ndi katundu, giya yachiwiri imakhala yosachoka m'manja. Koma m'matope a nthawi ya dzinja sinatigonekepo panjira.

Chakumasana anatulukira alamu anga, ndipo iwo mtima wawo wonse uli pa injini ya 1KZ-TE, ija ya mu Prado ndi Hilux Surf. Sakunama ayi. Ndi ya malita 3, ya turbo, horsepower pafupifupi 130 pomwe 3L ili cha m'ma 90. "Alamu, mukaika imeneyi, pa msewu wa Midima mudzayamba kupitirira maminibasi," anatero.

Amakaniko anapukuta m'manja n'kuyamba kutiwerengera. Giyabokosi yathu siingalumikizane nayo, ndiye kuti tigule ndi yake yomwe, kenako tisinthe mamaunting'i ndi mapulopela. Pampu yake ya dizilo imalamulidwa ndi kompyuta, choncho mawaya onse ayalidwe mwatsopano. Chomwe chinandiopsa kwambiri ndi head, chivundikiro cha pamwamba pa masilinda. Ya 1KZ ndi ya aluminiyamu, ndipo injini ikangotentha mopitirira imang'aluka. Galimoto yathu imakwawa pang'onopang'ono m'tinjira ta m'mphepete mwa minda ya tiyi, italemedwa, mphepo yosafika bwino ku redieta. Kumeneko n'kuiputa dala.

Za D-4D, injini za dizilo za Toyota zamakono zija, sitinachedwepo. Mainjekita ake safuna dizilo wa litsiro ngakhale pang'ono, pomwe ife mafuta akasowa timathira wa m'zigubu. Mnyamata wophunzira ntchito anatchula V8 ya Lexus imene anthu a ku Joni amakonda kuika mu Hilux, koma ndi mizere ya petulo imeneyi palibe anamuyankha.

Ine ndasankha 5L. Ndi ya banja limodzi ndi 3L, kungoti ndi ya malita 3. Imakhala pamamaunting'i omwewo ndipo imagwirana ndi giyabokosi yomweyo. Mphamvu yowonjezera ndi yochepa, zimenezo ndikuvomera. Koma ndi injini imene yayenda m'maminibasi a Hiace zaka zambirimbiri, masipeya ake ku Limbe sasowa, ndipo makaniko aliyense, kaya ndi pa Limbuli kaya ku Thekerani, amaidziwa ngati kunyumba kwake. Galimoto imeneyi ikafera kumudzi usiku zinanazi zili pamwamba, ndimafuna munthu wa sipanala aidzutse pomwepo, osadikira wa laputopu kuchokera ku Blantyre zipatso zikuwola.

Amakaniko anandichenjeza zingapo. Tipeze 5L yeniyeni, osati 5L-E ya pampu ya magetsi. Ikakhala yochokera mu Hiace, sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini, ndi kapaipi kokokera oyilo tichotse ku injini yakaleyi, chifukwa pansi pa Hilux pali difu yakutsogolo yofuna malo. Lamba wa timing aikidwe watsopano injini isanalowe m'galimoto. Amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse, ndipo akaduka mavalavu amawombana ndi mapisitoni. Redieta nayo aitsuke bwinobwino.

Palinso za mapepala, zimene anthu ambiri amazinyozera. Nambala ya injini yatsopano iyenera kukalowa m'bulubuku ku Road Traffic, ndiye wogulitsa atipatse lisiti lolembapo nambalayo. Injini yopanda mapepala sindigula, ngakhale itatchipa bwanji.

Alamu anabwerera asanakhutire, akuti tsiku lina ndidzaikumbuka turbo. Lachisanu tinyamuka ndi amakaniko m'mamawa kupita ku Limbe, atenga geji yoyezera compression, mphamvu yopanikizira mpweya m'masilinda, ndipo agwirizana nane kuti sitipereka ndalama tisanaimve injiniyo ikulira ili yozizira.