Penti ya MG yakale sifuna mashini

Penti ya galimoto ikayamba kutuwa, ambiri kuno ku Dedza amathamangira kwa anyamata a mashini opolishira. Amapaka kompaundi yokhakhala ija, mashini n'kulira mpaka masana, galimoto n'kutuluka ikuchita kung'anima. Mwiniwake amapita kwawo akusekerera. Koma kuwalako kwabwera chifukwa penti yapalidwa, ndipo pa galimoto ya zaka 50 imakhala itapyapyala kale. Ine ntchito yanga ndi yowongola ndi kupenta magalimoto, ndipo zimandiwawa kuona penti yomwe yapirira kuchokera kufakitale ikuthera pa siponji tsiku limodzi.

Galimoto yomwe ndakhala nayo pagalaja posachedwapa ndi MG B yofiira ya bambo ena achikulire, omwe anapuma ntchito n'kukakhazikika cha ku Linthipe. Magalimoto amenewa ankapangidwa ku Abingdon, ku England, kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo penti yake ndi yosiyana ndi ya masiku ano. Galimoto ya lero imakhala ndi mtundu pansi, pamwamba n'kupoperapo clear coat, penti yopanda mtundu yoteteza. Yakaleyi ilibe chotchinga chimenecho, mtundu ndi kuwala zili m'penti imodzi. Mukafuna kudziwa, tengani kansalu koyera, dontheza polishi pang'ono, mupukute pamalo obisika ngati m'munsi mwa chitseko. Kakatenga mtundu wa galimotoyo, dziwani kuti mukukhudza mtundu weniweniwo.

Penti yonse ya kufakitale, kuphatikizapo pulayima (penti yoyambira ya pansi), kawirikawiri imakhala ma micron 100 mpaka 150, kukhuthala kwake ngati pepala limodzi la m'kope. Ndiye chotsanipo zomwe anapala eni ake akale nthawi zonse akamapolisha. M'mphepete mwa boneti ndi m'makona a buti ndi momwe imathera msanga, chifukwa penti ikamapoperedwa imathawa pamalo osongoka. Pa MG imeneyi, pamwamba pa phiko lakumbuyo (chitsulo chophimba tayala) panali kale kadontho komwe pulayima inkaoneka mkati mwa kufiirako. Pamenepo mashini akanangodutsa kawiri, basi.

Nyengo yathu nayonso siichitira chifundo. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo ngakhale kumazizira, dzuwa la kumtunda limaotcha penti kwambiri, makamaka yofiira. Mu June ndi July chifunga ndi mame zimagona pagalimoto mpaka m'mawa, pofika Okutobala ndi fumbi lokhalokha. Pamwamba pa penti pamauma n'kusanduka ngati choko, moti mukadutsitsa chala chimatuluka chofiirira.

Ndinayamba n'kutsuka. Ndowa ziwiri, ina ya sopo wa magalimoto, ina ya madzi otsukuluzira nsalu, kuti mchenga usabwerere papenti. Sopo waufa wochapira zovala musamuyandikizeko, amaumitsa penti. Paboneti panali timadontho ta utomoni, chifukwa bambowa amaimika galimoto pansi pa mtengo wa paini, ndipo m'mbali munali phula la mumsewu wa M1. Phulalo limasungunuka ndi parafini pang'ono pa kansalu, kenako n'kutsukapo ndi sopo. Thina ayi. Penti zambiri zakale zimasungunuka ndi thina, ndipo mungadzangoona chitsulo chikukuyang'anani.

Gawo lotsatirali ndi lomwe anthu amalidumpha, pomwe ndilo lofunika. Penti youma chonchi imamwa mafuta. Ndinagwiritsa ntchito Meguiar's No. 7, yomwe mnzanga woyendetsa thiraki anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg. Ilibe mchenga wopala ngati kompaundi, ndi mafuta okhaokha. Ndinaipaka mokhuthala ndi thaulo la thonje, ndi dzanja, pamthunzi, boneti ili yozizira, n'kuisiya usiku wonse. M'mawa popukuta, thaulo linatuluka lofiira ndi choko chakufa chija, ndipo pansi pake panaoneka kufiira kozama komwe bambowa anati anakuiwala. Paboneti ndi pabuti ndinabwerezanso, chifukwa pamenepo ndi pomwe dzuwa limamenya molunjika ndipo panali pouma koposa.

Ndipamene ndinatenga polishi wosalala kwambiri. Ndisanayambe ndinamata tepi m'mphepete monse, m'makona, ndi pa kadontho ka pulayima kaja. Ndinkagwira kamalo kakang'ono, kosaposa zikhatho zinayi, kupukuta mosakanikiza, n'kuima kuyang'ana chapambali kuwala kukugwera. Ndi ntchito yopweteka mapewa, ndipo mnyamata wondithandiza ankangoyang'ana mashini ali pakhoma. Koma dzanja limamva pomwe penti yayamba kugwira, pomwe mashini amatenthetsa n'kuboola musanaphethire n'komwe.

Bambo aja atabwera kudzaona, anazungulira galimoto mwakachetechete, kenako anaima pachitseko cha dalaivala pomwe pali mzere wautali wokalika.

"Mwana wanga, nanga apa simunapaone?"

"Ndapaona, bambo. Tayendetsani chikhadabo pamenepo."

Anayendetsa, chikhadabo n'kukodwa.

"Chikakodwa choncho ndiye kuti mzerewo walowa mkati. Kuti uchoke ndiyenera kupala penti yonse yozungulira mpaka ifanane nawo, ndipo pamenepa siingakwane. Mukafuna ndipopera chitseko chonse, koma mtundu watsopano sudzafanana ndi wakalewu."

Anaganiza pang'ono, n'kunena kuti usiyeni. Ndinagwirizana nawo ndi mtima wonse. Kupenta kwatsopano ndi ntchito yomwe imandidyetsa, koma galimoto ngati iyi penti ya kufakitale imakhala nayo kamodzi kokha, ndipo odziwa magalimoto akale amailemekeza ngakhale ili ndi zipsera.

Pomaliza ndinapaka wax wa carnauba, wochokera ku masamba a mgwalangwa wina wa ku Brazil, mopyapyala, n'kupukuta atauma. Wax sakhalitsa, ndiye ndawauza azibwereza pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Zitosi za mbalame azichotsa tsiku lomwelo ndi nsalu yonyowa, chifukwa zimadya penti yopanda clear coat mofulumira. Aichotse pansi pa paini paja, aimangire kashedi ka malata. Ndipo asaifunditse pulasitiki, chifukwa ndi chifunga chathuchi chinyezi chimatsekeredwa mkati, penti n'kuchita timatuza. Nsalu ya thonje yoyera ndi yokwanira, bola galimotoyo ikhale youma ndi yopanda fumbi poifunditsa.